Mmene Ndinatsukira Chilichonse Kupatula Muzu wa Dzino

Pa ntchito yonse yopulumutsa dzino lovunda m'kati, imene kuchipatala timangoitchula kuti root canal, gawo limene ine ndinkaliona lachibwana linali lotsuka. Kuboola dzino mpaka kufika m'kachipinda ka mtsempha, apo ndinkavomereza kuti pamafunika dzanja. Kusaka tingalande ta m'mizu, kutiyeza kutalika pa X-ray, kutikuza ndi timafayilo tija ta zogwirira zamitundumitundu, nambala 15 yoyera, 20 yachikasu, 25 yofiira, 30 yabuluu, zonsezo ndinaziloweza mpaka kumazilota, ndipo pasukulu paja ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, lab coat yositasita, cholembera chili pathumba lapachifuwa, ngati kuti digiri ndinapata kale ndipo ndikungodikira kuti aisindikize. Koma kutsuka? Kupopa mankhwala m'sirinji n'kuthira m'dzino? Ndinadziuza kuti aliyense amene ali ndi chala chachikulu angathe. Choncho tsiku limene aphunzitsi ankajambula pabolodi mmene madzi amayendera m'kangalande kopapatiza, ine ndinali kumpando wakumbuyo, foni ili kunsi kwa desiki, ndikutsutsana ndi anthu pa WhatsApp nkhani za mpira.

Zimene ndinaphonya tsiku limenelo ndinadzazidziwa mochedwa, zovala zitatha kale. M'kati mwa dzino muli kamnofu kofewa ka mitsempha ya magazi ndi yomvera ululu, kamene kamatsika m'muzu uliwonse n'kukatulukira pakabowo kakang'ono kunsonga, m'fupa la nsagwada. Dzino likabooka mpaka mabakiteriya atafika pakamnofuko, kamafa n'kuvunda, ndipo mafinya amakasonkhana kunsonga ya muzu. Kakehashi ndi anzake anatsimikiza zimenezi mu 1965: ataboola mano a makoswe okulira m'malo opanda kachilombo ngakhale kamodzi, mnofu wa m'kati unapola, pamene wa makoswe wamba unavunda. Ndiye kuti mdani si bowolo ayi, koma tizilombo. Vuto n'lakuti ngalande ya m'muzu si yowongoka bwino monga imaonekera pachithunzi cha m'buku. Walter Hess wa ku Zurich, amene ntchito yake inatuluka m'Chingerezi mu 1925, ankathira mphira m'kati mwa mano n'kusungunula dzino lenilenilo ndi asidi kuti patsale maonekedwe a m'kati mokha, ndipo anaonetsa kuti muli nthambi, timipata tolumikiza ngalande ina ndi inzake, ndi tinjira tokhotera m'mbali. Mu 2001 Peters ndi anzake, atajambula mano ndi micro-CT, anapeza kuti ngakhale upale ndi mafayilo amakono, 35 peresenti kapena kuposa ya khoma la ngalande siikhudzidwa n'komwe. Fayilo imangolambula njira. Kupha ndi kukokolola zoipa ndi ntchito ya madzi omwe aja ndinkawanyoza. Koma ine zimenezi sindinkazidziwa, ndipo kusadziwako kunkandipatsa confidence yoopsa.

Tinkaphunzirira pa mano ozula. Kwathu kuno amenewa savuta kupeza, chifukwa anthu ambiri amafika kuchipatala tsaya litatupa kale, atayesa mchere, adyo ndi mapiritsi a pagolosale, n'kungoti adokotala zulani ndikagoneko tulo. Ine ndinali ndi botolo langalanga la mano kuchipinda, limene mnzanga wogona naye ankapempha kuti ndizilibisa pa nthawi ya nsima. Ndinasankha dzino lakutsogolo la muzu umodzi, losavuta kuposa onse, ndinalipala bwinobwino, kenaka ndinatola sirinji yoyamba imene dzanja linakhudza m'dirowa, ya mtundu wongosomeka singano popanda kupota, ndinapopa sodium hypochlorite mpaka kudzaza, ndinalowetsa singano m'ngalande mpaka itathina kuti gwa, poti m'mutu mwanga kuthina kunatanthauza kuti palibe dontho lotayika, ndiyeno ndinakanikiza ndi chala chachikulu, itakana ndinawonjezera mphamvu, itakanabe ndinaluma mlomo n'kuikapo phewa lonse, mpaka panamveka kuti phwa! singano yatsala m'dzino, sirinji ili m'manja, mankhwala ali ponseponse: pathalauza, pansapato, panotsi za mnzanga woyandikana naye, ndi m'diso langa lakumanzere, pakuti magalasi oteteza maso ndinali nditawakweza pamphumi kuti ndizioneka serious.

Nthawi yotsala ya practical ndinaithera nditawerama pasinki, mpopi ukuthira m'diso, kalasi yonse ikuyesetsa kusaseka koma osakwanitsa. Umu ndi mmene ndinadziwirana ndi hypochlorite. Ndi mankhwala omwe aja ali mu Jik wochapira, amene wa m'sitolo amakhala wa 3.5 peresenti, pamene madokotala a mano amagwiritsa ntchito kuyambira 0.5 mpaka cha m'ma 5.25 peresenti. Anatchuka pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, pamene Henry Dakin, akugwira ntchito ndi Alexis Carrel ku France mu 1915, anakonza madzi a pafupifupi 0.5 peresenti otsukira mabala a asilikali. Amakondedwa chifukwa amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: amapha tizilombo, komanso amasungunula mnofu wakufa umene fayilo sinaufike. Amasukulutsanso thalauza lakuda, ndipo mmawa mwake langa linali ndi madontho ofiirira kuyambira m'chiuno mpaka m'maondo, ena ali pamalo oti munthu sungayambe kufotokozera anthu m'minibasi. Mnzanga wa notsi zonyowa uja ndiye anandimasulira physics yake. "Aise, singano ya 30G ndi ya 0.3 milimita basi. Poiseuille anati ukachepetsa bowo ndi theka, kuti madzi omwewo adutse pamafunika mphamvu yochuluka ka 16. Ndiye iwe unatsekanso potulukira. Umati apite kuti?" Anatsegula dirowa lomwe lija n'kundionetsa masirinji a Luer lock, aja umapota singano kuti isafwamphuke, ali mulu pambali penipeni pa imene ndinatola.

Munthu wanzeru akanagwira mawu akuti ndinatseka potulukira. Ine ndinagwira za sirinji zokha. Practical yotsatira ndinabwera ndi Luer lock, ndinapota singano mpaka kulira, magalasi ali m'maso, dzino ndalipana m'chikhatho cha kumanzere, ndinasomekanso singano mpaka kuthina monga poyamba, ndinakanikiza, ndipo ulendo uno palibe chinafwamphuka, mankhwala anayenda bwinobwino, ndinamva kuzizira kukufalikira pagolovesi, nditatambasula dzanja ndinaona timadontho tikutumphuka kunsonga ya muzu, chimwemwe chinandidzaza tsaya, ndinaimika mkono n'kuitana aphunzitsi mokweza kuti aliyense amve: "Madamu, tabwerani mudzaone! Langa latsukika mpaka kutulukira kunsi!"

Anabwera, anayang'ana dzino, anayang'ana chikhatho changa chonyowa, n'kufunsa mofatsa kwambiri: "Achimwene, dzinoli likanakhala m'kamwa mwa munthu, pamene pali dzanja lanupa pakanakhala chiyani?" Ndinatsegula pakamwa, yankho linafika m'mutu lisanafike palilime, ndinatsekanso. Pakanakhala fupa ndi mnofu wamoyo wa mwana wa munthu. Hypochlorite sasankha: mmene amasungunulira wakufa ndi mmenenso amawotchera wamoyo. Akadutsa kunsonga ya muzu, wodwala amamva ululu woopsa pomwepo ngakhale anabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi, tsaya limatupa m'mphindi zochepa, magazi amatuluka m'ngalande, khungu limada ndi magazi oundana mpaka kunsi kwa diso kapena m'khosi, ndipo kuchira kumatha kutenga masabata. Mizu ya mano akumtunda otafunira imayandikana ndi mphako ya sinus, ya akumunsi imayandikana ndi mtsempha wopita kumlomo. Lamulo lake, limene linali patsamba lomwe lija ndinanyowetsa, n'losavuta: singano isathine, ikhale yomasuka kuti madzi azibwerera m'mbali mwake n'kutulukira kumwamba, uikepo kamphira koyezera kuti iziima milimita 1 kapena 2 isanafike pothera, uziiyendetsa pang'onopang'ono m'mwamba ndi m'munsi, ndipo uzikanikiza ndi mkombaphala, chala chimene chilibe mphamvu zopusa za chala chachikulu. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine ndinachita kuitana anthu kuti adzaione.

Mantha anandigwira, ndipo anandiponyera mbali inayo. Ndinaganiza kuti popeza mankhwalawa ndi oopsa chonchi, ndiziyamba ndapala mafayilo onse pouma, kutsuka ndidzatsuke kamodzi kumapeto. Ndinapala ndi 15, ndinapala ndi 20, utuchi wa dzino ukungotsikira pansi n'kumapanikizika, ine ndikuimba kanyimbo chamumtima, ndipo nditafika pa 25 fayilo inakana kufika pamene inkafika poyamba, ndinayeza, mamilimita asowa, ndinayezanso ndi rula ina poganiza kuti yoyambayo ndi yabodza, ndinafika mpaka poganiza kuti dzino lafupika lokha, chonsecho ndinali nditatseka nsonga ya ngalande ndi utuchi wanga womwe. Ngalande imayenera kukhala yodzaza mankhwala nthawi yonse imene ukupala, uzitsuka ukamaliza fayilo iliyonse, ndipo uzibwereranso ndi kafayilo kowonda ka nambala 10 kuti utakase zimene zikufuna kukhazikika pansi. Zimenezi ndinazimva ndili chiweramire, thukuta likudontha pa mask, ndikukumba mamilimita amene ndinakwirira ndekha.

Kutsuka ndinayambiranso, koma singano ndinalumbira kuti sidzayandikiranso pansi. Ndinkaiimika pakhomo penipeni pa ngalande n'kumathira sirinji pa sirinji, thebulo lonse lili chonyowa, fungo la bleach likumveka mpaka pakhonde, ndikudziuza kuti madzi akachuluka ena adzafika okha. Apa anatipatsa timabuloko ta pulasitiki toonekera m'kati, tokhala ndi kangalande kotseka kunsi monga zimakhalira m'thupi, momwe fupa limazinga muzu, ndipo anati tithiremo inki yabuluu kenaka titsuke. Ta anzanga tinayera. Kanga kanayera mbee chakumwamba, koma kunsi inki inangoti phee, ndinathira sirinji ina, ndinawonjezera mphamvu, madzi akungosefukira pakhomo n'kuyenderera m'zala mpaka m'chigongono, inki osasuntha. Chow anali ataonetsa kale mu 1983 kuti madzi sasinthana kutali kupitirira nsonga ya singano. Singano yotulutsira m'mbali, imene ndi yotetezekako, imafikitsa madzi atsopano pafupifupi milimita imodzi yokha kutsogolo kwake, ndipo kupitirira apo madzi amangoima. Mankhwala onse aja ndinkatsukira malo oyera kale.

Nditavomera kutsitsa singano, inakana kutsika, chifukwa ndinatenga ya 27G, yokula pafupifupi 0.4 milimita, pamene ngalande ndinaikuza kulekezera pa fayilo 25, imene nsonga yake ndi 0.25 milimita, masamu a ku pulayimale amene ndinawayang'anitsitsa kwa nthawi yochititsa manyazi. Nditatenga yowonda n'kukuzako ngalande pang'ono, ndinakumana ndi mdani wina: kathovu ka mpweya katakhala kunsonga penipeni, kakunyezimira mopanda mantha. Ndi zomwe zija zimachitika ukamathira madzi mothamanga m'botolo la kukamwa kwakung'ono: mpweya ukasowa potulukira, madzi nawo amasowa polowera. Amati vapor lock, ndipo Tay ndi anzake analemba mu 2010 mmene imalepheretsera nsonga ya ngalande yotseka kutsukika. Hypochlorite mwiniwake amawonjezera timathovuto akamasungunula mnofu. Nzeru yanga inali yogogoda kabuloko pathebulo mpaka kathovu katakwera, ndipo kanakweradi, ndinamwetulira, ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione amene waona, mpaka mnzanga uja anafunsa kuti, "Ndiye patient uzidzamugogodanso mutu pampando?"

Physics itandikana, ndinathawira ku chemistry, kumene ndinkadziona wokhozako chifukwa ku sekondale ndinasungapo makiyi a lab. Fayilo ikamapala khoma imasiya phala la utuchi wosakanikirana ndi mnofu ndi tizilombo, limene limamatirira n'kutseka timabowo ting'onoting'ono ta m'khomamo. McComb ndi Smith analifotokoza mu 1975, ndipo limatchedwa smear layer. Hypochlorite amadya mbali ya mnofu yokha. Mbali yolimba ya kashiamu imafuna EDTA, amene Nygaard-Østby wa ku Norway anamubweretsa m'ntchitoyi mu 1957, ndipo masiku ano amathiridwa wa 17 peresenti kwa mphindi imodzi chakumapeto. Ine ndinaona kuti masirinji awiri n'kutaya nthawi. Ndinapopa theka la uyu ndi theka la uyo m'sirinji imodzi, ndinakhutchumula, ndinaitcha two in one, n'kuyamba kuganizira mmene dzina langa lidzaonekere m'magazini a madokotala. Kani EDTA amameza klorini amene amapatsa hypochlorite mphamvu. Ndinali nditapha mankhwala amene ndinkadalira kuti aphe tizilombo.

Kenaka ndinamva za chlorhexidine wa 2 peresenti, amene amapha tizilombo ndipo amakhalitsa pakhoma ngakhale kuti sasungunula mnofu, ndiye ndinamuthira m'ngalande yodzaza hypochlorite osayamba ndatsukuluza, ndipo pomwepo munatuluka zinthu zamtundu wa dzimbiri, zambiri, zokhuthala, zikufufuma pakhomo pa dzino, ine maso ali tong'o, ndikuti taonani nyansi zimene anzangawa akusiya m'mano mwa anthu, ndinavula golovesi, ndinajambula, ndinaika pa status ndi mawu akuti deep cleaning ndi ka emoji ka moto, ndipo pofika madzulo kalasi yonse inali itaona, kuphatikizapo a chaka chomaliza, amene mmodzi anangoyankha kuti, "Amwene, chotsani." Nyansizo sizinali m'dzinomo ayi. Ndinazipanga ndine. Mankhwala awiriwa akakumana amabala matope amene amadetsa dzino n'kutseka timabowo tomwe tija ndinkafuna kutsegula. Pakati pawo pamafunika kutsukuluza ndi saline kapena madzi oyera n'kuumitsa ndi timapepala tosongoka. Status ndinaichotsa, koma screenshot siifa.

Za kufunditsa ndingonena mwachidule. Ndinawerenga kuti hypochlorite wofunda amasungunula mnofu msanga, zimene n'zoona ngati wamufunditsa n'kumugwiritsa ntchito pomwepo. Ine ndinamutsanulira m'botolo loonekera m'kati n'kuliika pawindo, padzuwa la mu Okutobala, kuti lizifunda laulere, n'kuliiwala pomwepo, osadziwa kuti kuwala ndi kutentha n'zimene zimamufooketsa, n'chifukwa chake amasungidwa m'botolo losaonekera m'kati, pamalo ozizira. Pofuna kuonetsa anzanga mphamvu ya njira yanga, ndinabweretsa kanyama kakuwisi n'kukadula pawiri, kena m'mankhwala a m'kabati, kena mwa anga. Ka m'kabati kanayamba kuchita thovu n'kumanyenyeka. Kanga kanangoyererako pang'ono n'kukhala, tonse taima mokazungulira tikudikira, mpaka wina anafunsa ngati abweretse anyezi ndi mchere.

Pamenepa ndinaona kuti vuto langa ndi zida zachikale, ndipo chondiyenera ine ndi makina. Pa YouTube ndinali nditaona EndoVac, imene imakoka madzi kuchokera kunsonga m'malo mowakankhirako, ndi ma laser ogwedeza madzi m'dzino, koma chimene dzanja langa likanatha kufikira chinali ultrasonic. Richman ndiye anayamba kuigwiritsa ntchito m'mizu ya mano mu 1957. Kafayilo kowonda kamanjenjemera maulendo pafupifupi 25,000 mpaka 30,000 pa sekondi, ndipo kunjenjemerako kumazunguza madzi n'kuwakankhira m'makona momwe singano siifika, momwenso tizilombo timakhala titamatana pakhoma m'gulu lolimba lija amati biofilm. Koma kafayiloko sikayenera kudula kanthu: kazikhala komasuka pakati pa madzi, mphamvu yochepa, masekondi 20 kenaka kuthira mankhwala atsopano. Ine ndinaona kuti makina otere kuwayendetsa pang'ono n'kuwanyoza. Ndinasankha fayilo yokulirapo kuti igwire khoma bwino, ndinapotoza batani mpaka kumapeto, ndinailowetsa m'muzu wokhota wa dzino lotafunira, makina analira mokweza mpaka anthu kucheuka, dzino linatentha m'zala, ndinamva kuti thyo, kulira kunasintha, nditatulutsa fayilo inali itafupika. X-ray inaonetsa kachidutswa kowala katakhala pokhota penipeni, ngalande yatsekeka ndi chitsulo, ndipo aphunzitsi anandipempha mwaulemu wonse ngati angamaphunzitsire chithunzicho a chaka chotsatira. Ndinavomera. Ndikanakana bwanji? Inali ntchito yanga yoyamba kufalitsidwa.

Chimene chinayeretsa kabuloko kanga pomaliza ndi njira imene ndinaiseka tsiku loyamba kuimva. Umadzaza ngalande ndi mankhwala, n'kutenga kandodo ka gutta-percha, kamphira kaja timatsekera ngalande kumapeto, kokwana bwino, n'kumakakweza ndi kukatsitsa mamilimita 2 kapena 3, maulendo pafupifupi 100 pa mphindi. Kakatsika kamakankhira madzi m'mbali, kakakwera madzi atsopano amalowa m'malo mwake, kathovu kamasweka. Sikafuna magetsi, sikafuna madola. Ndinakhala pansi, ndinatsitsa singano yowonda pamalo pake, yomasuka, ndinathira pang'onopang'ono ndi mkombaphala ndikuona madzi akukwera m'mbali mwa singano, ndinapopa ndi kamphira, ndinasintha mankhwala, ndinabwereza, ndipo inki ija inachoka yonse popanda phokoso. Zinandiwawa kuona kuti chilichonse chimene ndinkachikakamiza ndi mphamvu chinkangofuna zinthu zinayi: mankhwala atsopano, ofika pansi, okhala ndi njira yobwerera, ndi mphindi zoti agwire ntchito. Mkono unayamba kukwera wokha kuti ndiitane madamu, ndinaugwira. Palibe anaona. Zolephera zanga zonse zinali ndi mboni, ichi chokha chinalibe.

Kenaka inafika nthawi ya munthu weniweni. Anali mayi achikulire ogulitsa tomato mumsika, dzino lakutsogolo litada, ndipo anakana kuzulitsa chifukwa akuti sangamaitane makasitomala ndi mpata pakamwa. Usiku wake sindinagone. Ndinaika rubber dam, kansalu ka mphira kamene Sanford Barnum anayambitsa ku New York mu 1864, kotchinga kuti malovu asalowe m'dzino ndiponso mankhwala asatsikire kukhosi. Ndinayeza kutalika n'kuyezanso, kamphira kali pasingano, Luer lock, magalasi kwa ine ndi kwa iwo, aphunzitsi aima kumbuyo kwanga osalankhula. M'kati mwa dzino zonse zinayenda bwino moti ndinamva mapewa akuyambanso kukwera, ndipo podzaza sirinji ina ndinaonamo kathovu, ine amene tsopano ndinali katswiri wa thovu, ndinaimika sirinji, ndinaigogoda ndi chala monga amachitira m'mafilimu, ndinakanikiza kuti mpweya utuluke, kamzere ka mankhwala kanauluka m'mwamba mokongola kwambiri n'kukatera pamiyendo pa mayi aja, pamene pulasitiki yotchinga zovala ndinali nditaiyala kulekezera pachifuwa, poti maganizo onse anali pakamwa.

Iwo sanamve kanthu. Ine ndinaona. Aphunzitsi anaonanso, n'kungotsinzina kwa kanthawi. Pamene ndinkamaliza, pachitenje chawo chobiriwira panali patatuluka madontho oyera ondondozana kuchokera pantchafu mpaka pabondo. Nditachotsa rubber dam ndinameza malovu n'kunena kuti, "Amayi, pepani kwambiri, ndakuonongerani chitenje. Ndalakwitsa ndine." Anayang'ana pansi nthawi yaitali, mlomo udakali dzanzi, kenaka anati, "Mwana wanga, chimenechi n'cha yunifolomu ya ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Ndi Loweruka likubwerali. Ndimati ndichivaleko kaye chifewe."

Ndinazungulira m'mashopu a nsalu ndi chithunzi pafoni, ndalama za ndiwo za mwezi wonse zili m'thumba, uku akuti chinatha, uko akuti bwerani mawa, ena akundifunsa ngati wokwatirayo ndine, mpaka ndinachipeza, ndinalipira osanenerera, ndinathamangira nacho kumsika ndili wefuwefu, ndinachipereka ndi manja awiri pamaso pa amayi onse a tomato, iwo anachitambasula n'kuchiika pambali pa chawo, ndipo aliyense kupatula ine anaona nthawi yomweyo kuti kubiriwira kwake n'kwina ndipo maluwa ake ndi aakulu kuposa. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, dzino langa lija likuonekera bwinobwino. Ku ukwati anavala chamadontho chomwecho atachipinda mwanzeru, ndipo changa chinasanduka chofunditsira tomato padzuwa.

Patapita miyezi anabwera kudzaonedwanso. Pa X-ray mthunzi wakuda umene unali kunsonga ya muzu unali utachepa, fupa likubwerera, dzino lili nji, osawawa. Aphunzitsi anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti, "Mwatsuka bwino, achimwene," ndipo ndisanayambe kufufuma mayi aja anandiuza kuti anditumizira anzawo awiri a mumsika amene mano akuwavuta. Anabweradi. Pa reception anati akufuna dokotala wa Jik uja. Onse awiri anavala zitenje zakale za kudimba, ndipo mmodzi anabwera ndi jumbo lalikulu long'amba pakati loti afunde miyendo. Ndinawathandiza kulifunda.